Tifunseni za M'mphika: Gologolo, Mbewa ndi Ndiwo Zina za M'tchire

Chimanga chikangolowa m'nkhokwe, mafunso obwera patsamba lino amasintha. Za nkhwani ndi chigwada zimachepa, kumachuluka za nyama ya m'tchire, poti ino ndiyo nyengo imene anyamata amafika pakhomo madzulo khasu lili paphewa, m'manja muli kanthu. Tasankha makalata amene akukhudza zinthu zomwe zimalakwika kawirikawiri.

Ana anga anagwira agologolo awiri amene ankatha mtedza wathu pa thandala. Ndinawaotcha pamakala koma nyama yake inauma gwa, yosatafunika, komanso inali ndi kafungo. Ndinalakwitsa pati? — Mayi wa ku Malosa

Mayi, zinthu ziwiri zinachitika, ndipo zonse n'zokonzeka. Choyamba ndi moto. Gologolo amakhalira kulumpha m'mitengo tsiku lonse, choncho mnofu wake ndi wolimba ndipo ulibe mafuta. Nyama yotere mukaiika pamakala oyaka kwambiri, madzi ake amatha msanga, mitsempha imakungika, n'kusanduka ngati lamba. Imafuna moto wapansipansi, madzi pang'ono ndi nthawi. Chachiwiri ndi kakonzedwe, poti fungo limachokera m'matumbo amene achedwa kuchotsedwa ndiponso mu tizigawo tina timene ambiri satidziwa.

Tiyambe ndi kukonza. Gologolo atumbulidwe pasanathe ola limodzi chimuphereni, makamaka nyengo yotentha ya Okutobala. Pali njira ziwiri. Ya makolo ndi kuwaula: mumamuyendetsa pa lawi la udzu kapena mapesi mpaka ubweya wonse utapsa, n'kupala ndi mpeni, n'kutsuka. Ubwino wake ndi woti chikopa chimatsalira, ndipo chimateteza nyama kuti isaume komanso chimapatsa msuzi kafungo ka utsi. Osawaulira pa mapulasitiki, matayala kapena palafini, fungo lake silichoka ngakhale mutsuke kangati. Njira inayo ndi kusenda. Yambani mwamuviika m'madzi kuti ubweya usamamatire pa nyama. Tsinani chikopa pakati pa msana, chekani modutsa pang'ono pokwana zala ziwiri mbali iliyonse, kenako kokani dzanja lina chakumutu, lina chakumchira. Chikopa chimavuka ngati malaya. Dulani mutu, mchira ndi mapazi. Mukaona kuti chikopa chikukanirira kwambiri, dziwani kuti ndi wamkulu msinkhu ndipo adzafuna nthawi yaitali pamoto.

Potumbula, lowetsani nsonga ya mpeni pansi pa nthiti, kuthwa kwake kuloze kumwamba, muziyenda pang'onopang'ono mpaka kumchira kuti musaboole matumbo kapena chikhodzodzo. Zam'kati zonse zituluke. Chiwindi chikhale chofiira moderako, chosalala. Chikakhala ndi mawanga oyera kapena chotupa, tayani nyama yonseyo. Ndiye yang'anani m'khwapa mwa miyendo yakutsogolo ndi kuseri kwa mawondo: mupezamo timibulu totuwa, tating'ono ngati njere ya mapira, tokutidwa ndi kamafuta. Tichotseni ndi nsonga ya mpeni. N'timeneti timawawitsa msuzi.

Dulani zidutswa: miyendo inayi, msana pawiri, nthiti pazokha. Viikani kwa ola limodzi kapena awiri m'madzi okwana lita imodzi, momwe mwathiramo masipuni aakulu awiri a mchere ndi madzi a ndimu limodzi. Madziwo afiira, ndiwo magazi otsalira amene amabweretsa kafungo. Tsukuluzani, muumitse ndi kansalu koyera, chifukwa nyama yonyowa siikazingika, imangowira m'mafuta.

Pa agologolo awiri kapena atatu, tenthetsani masipuni atatu a mafuta mu sefuliya yokhuthala pansi. Kazingani zidutswazo mphindi zisanu kapena zisanu ndi zitatu mpaka zitafiirira mbali zonse. Ikani anyezi mmodzi wamkulu, adyo pang'ono ngati mumamukonda, kenako thirani madzi otentha ongofika pamwamba pa nyama. Vundikirani, phulani nkhuni zina kuti mphika uzingonyeng'enya, osati kubwata mwamphamvu. Wamng'ono amapsa pa mphindi 40, wokalamba amatha ola ndi theka. Madzi akachepa onjezerani otentha, kapu imodzi nthawi iliyonse. Muyeso wake ndi ntchafu: mukabaya ndi foloko nyama izisiyana ndi fupa yokha. Apo m'pamene muike tomato atatu ndi kambuzi mmodzi, ziwire limodzi mphindi khumi. Tomato akalowa koyambirira amapserera pansi nyama isanafewe. Okonda zotendera asungunule masipuni atatu a nsinjiro m'madzi ozizira, athire kumapeto, aziphikabe mphindi khumi ndi zisanu akutakasa, kuti nsinjiro zipse bwino.

Ngati mtima uli pa yootcha basi, yambani mwaifutsa m'madzi amchere theka la ola, muipake mafuta, kenako pamakala ozirala kwa mphindi zochepa. Ubongo ausiye, ndipo amene ali ndi bala m'manja asasende. Ku Congo, kachilombo ka mpox kanapezeka mwa gologolo wa m'nkhalango mu 1985, ndipo matenda a mtundu umenewu amalowera pogwira magazi ndi chikopa, nyama isanafike n'komwe pamoto. Gologolo amene ali ndi zilonda pakhungu, kapena amene sakuthawa munthu, musamugwire.

Kuno m'mapaki agologolo ali mbwee, onenepa kuposa a kwathu. Kodi amadyedwa? Nanga ndingabwere ndi mbewa zouma pochokera kumudzi? — Wowerenga wa ku Leeds, UK

Amadyedwa ndithu, achimwene. Otuwa amene mukuwaonawo kwawo n'ku North America, anafika ku Britain m'zaka za m'ma 1870, ndipo aswana mpaka kupitikitsa ofiira omwe ndi eni dziko. Otuwa amaloledwa kudyedwa ndipo mabutchala ena ogulitsa nyama ya m'tchire amakhala nawo. Ofiira ndi otetezedwa ndi lamulo. Koma musatchere msampha m'paki, kumeneko n'kuswa lamulo. Gulani wosendasenda. Mmodzi amalemera pafupifupi theka la kilogalamu ali wamoyo, kuposa kawiri wa m'tchire la kwathu, choncho mmodzi amakwanira munthu mmodzi bwinobwino. Phikani monga tafotokozera pamwambapa.

Za mbewa, ayi. Britain salola munthu kulowetsa nyama ya mtundu uliwonse kuchokera kuno, youma kapena yaiwisi, ndipo akaipeza pabwalo la ndege amalanda, mwinanso kukulipiritsani. Nkhuli imeneyo mudzaithetse mukabwera.

Ndimagulitsa mbewa pamsewu wa M1. Zina zimayamba fungo ndi mphutsi pa tsiku lachiwiri, makamaka akapuku, pomwe za anzanga zimatha sabata. Chinsinsi n'chiyani? — Mnyamata wa ku Ntcheu

Palibe chinsinsi, achimwene, pali masitepe anayi amene limodzi mwa iwo mukulidumpha: kutumbula msanga, mchere wokwanira, kuwiritsa mokwanira ndi kuumitsa mpaka m'kati.

Vuto limayambira kutchire. Mbewa zokumbidwa m'mawa zikakhala m'thumba la pulasitiki mpaka madzulo zimakhala zayamba kale kuwonongeka, chifukwa zimatenthana zokhazokha ndipo mimba zimatupa. Nyamulani m'kadengu kapena m'thumba la chiguduli lolowa mphepo, ndipo muzitumbula pomwepo mukapuma pamthunzi. Za pa diwa muzikaziona m'mamawa dzuwa lisanakwere. Imene mwaipeza yatupa, ubweya ukusosoka mukangokhudza, kapena nyerere zayamba kale, isiyeni. Mbewa imodzi yowola imaipitsa mphika wonse.

Potumbula ng'ambani kamimba ndi kansungwi kosongola, finyani kuchokera pachifuwa kutsikira kumchira kuti matumbo ndi chifu zituluke zonse. Ambiri amasiya kachidutswa ka thumbo chakumchira, ndipo fungo la tsiku lachiwiri limayambira pamenepo. Tsukani ndi madzi a pa mjigo, osati a m'chithaphwi.

Pa mbewa 30, ikani malita awiri a madzi ndi masipuni aakulu anayi a mchere. Madzi ayambe abwata, kenako ikani mbewa, ndipo muwerenge mphindi 25 kuyambira pamene abwatanso. Osaunjika zambiri mumphika umodzi, zapakati sizipsa. Mukatsanula, ziyaleni pa lichero kapena pa sefa kuti zikhe madzi, osaziunjika pamodzi zili zotentha.

Tsopano kuumitsa, pamene ambiri amachita changu. Mbewa yowiritsa yongoyanikidwa padzuwa maola ochepa imauma kunja kokha, m'kati muli chinyezi. Ipanikeni pa mpani, kamimba kali kotsekula, muiwambe pamwamba pa makala ozirala, kutalika kwake ngati kuchokera m'chigongono kufika kunsonga ya zala, kwa maola awiri kapena atatu, mukutembenuza. Kenako padzuwa masiku awiri, pa thandala, mutaphimba ndi kansalu kopyapyala koyera kuti ntchentche zisaikire mazira. Neti yogonamo musaphimbire, ili ndi mankhwala. Usiku zilowe m'nyumba, zikhale pamwamba pa moto, chifukwa mame amabwezeretsa chinyezi chonse. Youma bwino imapepuka, ndipo mukaipinda pamsana imathyoka m'malo mopindika.

Kapuku ndi nkhani ina. Kukoma kwake ndi mafuta, ndipo mafuta omwewo ndiwo sauma. Padzuwa amasungunuka n'kuyamba kununkha. Akapuku aziikidwa pa mipani yawoyawo, awambidwe nthawi yotalikirapo kuti mafuta ena akhe, ndipo agulitsidwe m'masiku awiri. Mitundu yopanda mafuta ambiri ndiyo yosunga.

Mipani ikhale ya nsungwi kapena bango. Nthambi ya nkhadze musayerekeze, kaya ngati mpani kaya ngati nkhuni, utomoni wake ndi poizoni ndipo utsi wake umalowa m'nyama.

Kwa ogula tinene izi: mbewa ya pamsewu yakhala pa fumbi ndi m'manja mwa anthu. Mukafika nayo kunyumba iwiritseni mphindi khumi, kenako ikazingeni ndi anyezi ndi tomato. Khoswe wa m'nyumba si mbewa ndipo asalowe mumphika, poti amayenda m'zimbudzi komanso ndiye amadya mankhwala amene anthu amatchera. Kwa okumba, chenjerani ndi nthata za m'mauna. Ndizo zimafalitsa mliri wa makoswe umene unabuka ku Nsanje mu 2002. Munthu akatentha thupi ndi kutupa mwanabele wopweteka m'khwapa kapena m'mphechepeche patangopita masiku ochepa chikumbireni mbewa, apite kuchipatala tsiku lomwelo ndipo anene kumene anali. Tikupemphaninso za moto: kutentha tchire lonse chifukwa cha mbewa khumi kumatha udzu wofolera nyumba, msipu wa ziweto ndi mitengo yaing'ono ya mudzi wonse. Una umaoneka ngakhale mutangosenga udzu pamalo pamene mukufuna kukumba.

Ndinagula nkhanga ziwiri zam'tchire zophedwa kale, zopanda bala lililonse. Akazi anga akukana kuphika, akuti mwina n'za tameki. Tikataya zam'kati n'kuphika kwambiri, sizingadyedwe? — Bambo wa ku Kasungu

Bambo, mayi akunyumba akunena zoona, amvereni. Nkhanga yam'tchire siigwidwa ndi manja. Yophedwa ndi khwekhwe imakhala ndi mkwingwirima pakhosi kapena pamwendo, ya legeni kapena mfuti imakhala ndi bala, ya agalu imaoneka mano. Zikabwera zingapo nthawi imodzi, zonse zosalala, kawirikawiri zadya chimanga kapena madeya osakaniza ndi mankhwala pamalo omwera madzi.

Chikhulupiriro choti poizoni amathera m'chithokomiro ndi m'matumbo n'cholakwika. Kuti mbalame ife, ndiye kuti mankhwalawo alowa kale m'magazi, ndipo magazi afika m'chiwindi ndi mumnofu monse. Moto umapha tizilombo toyambitsa matenda, koma simungaudalire kuti uchotse tameki. Kuwamba ndi kuyanika nakonso sikuthandiza. Mukatsekula chithokomiro mutha kuona timibulu takuda ngati njere za bonongwe tosakanikirana ndi chakudya, kapena chimanga chopakidwa mtundu, koma kusaona kanthu si umboni woti ili bwino.

Zikwirireni m'dzenje lakuya lofika m'chiuno, kutali ndi chitsime, pamene galu kapena nkhumba singafukule. Mukataya kudzala mupha agalu, amphaka ndi nkhuku zanu.

Wina akadya nyama yotere, zizindikiro zimabwera msanga, nthawi zambiri lisanathe ola: malovu ochuluka, thukuta, misozi, kusanza, kutsegula m'mimba, minofu kunjenjemera, timwana ta m'maso kuchepa ngati kansonga ka singano, ndi kubanika. Musataye nthawi ndi mkaka, mafuta ophikira kapena kumusanzitsa, poti masanzi atha kulowa m'mapapo. Mugonekeni chammbali, thamangirani naye kuchipatala, mutenge chotsala cha chakudyacho, ndipo onse amene adya nawo apite ngakhale akumva bwino. Ana ndiwo amagwa msanga. Kuchipatala kuli mankhwala obwezera poizoni wa mtundu umenewu akafika nthawi yabwino.

Mukafuna nkhanga, gulani yamoyo yoweta, zilipo zambiri m'misika. Poisosola madzi akhale otentha koma osabwata, apo ayi chikopa chimasupuka. Nyama yake ndi youma kuposa ya nkhuku, choncho ikazingeni pang'ono, muiphike ndi madzi pamoto wochepa ola ndi theka kapena awiri. Chidali chimapsa msanga kuposa miyendo, ndiye chichotseni pakatha mphindi 45, muchibwezere kumapeto.

Kalulu wam'tchire amanunkha mkodzo ndikaphika. Ndingatani? — Mayi wa ku Mchinji

Akangophedwa, mugwireni miyendo yakutsogolo mutu uli m'mwamba, mutsetsereze chala chachikulu pamimba kutsikira pansi mofinya kuti mkodzo utuluke wonse. Chikhodzodzo chodzaza ndicho chimaphulika potumbula n'kuthira nyama. Chotsani ndulu pa chiwindi mosamala, ndiponso timibulu tiwiri totuwa tokhala mbali ndi mbali ya potulukira chimbudzi, pamodzi ndi kachikopa kopanda ubweya ka pamenepo. Viikani usiku wonse pamalo ozizira m'madzi amchere othira masipuni awiri a viniga. Nyengo yotentha, ngati mulibe firiji, maola awiri akwana. Kuti mudziwe msinkhu, ng'ambani khutu: la wamng'ono limang'ambika ngati pepala, ndipo ameneyo amapsa mu ola limodzi. Wokalamba mupatseni awiri. Matumbo aawisi musapatse galu. Timatuza ta madzi timene mumationa m'mimba mwa kalulu ndi ana a njoka zam'mimba, ndipo zimakakulira mwa galuyo.

M'munda mwanga wa mzimbe ndimagwira ntchenzi, nthawi zina ziwiri pa sabata. Banja silingamalize. Ndingasunge bwanji popanda firiji, ndipo n'chiyani chingafewetse yaikulu? — Mlimi wa ku Nchalo

Muli ndi mwayi, bambo, poti ntchenzi ndi imodzi mwa nyama zokoma koposa za m'tchire, yoyera ndi yofewa chifukwa imadya zomera monga udzu, bango ndi mzimbe. Ku Ghana, Benin ndi Nigeria anthu amachita kuiweta m'makola. Yaikulu imafika makilogalamu anayi kapena kuposa.

Musaisende. Chikopa chake n'chosalimba, chimang'ambika m'manja, ndipo pansi pake ndi pamene pali mafuta okoma. Ithireni madzi otentha kwambiri n'kupala ubweya wake wolimbawo ndi mpeni, kenako muiwaule pang'ono kuti totsalira tipse. Chifu chake n'chachikulu ndipo chimakhala chodzaza udzu umene umayamba kusasa nyama ikangofa, choncho kutumbula kusachedwe.

Yosunga ichotseni mafupa akuluakulu, muilenge mizere yonenepa ngati chala chachikulu. Yonenepa kuposa apo imauma kunja n'kuwola m'kati. Pa kilogalamu iliyonse pakani masipuni aakulu awiri a mchere, muisiye m'beseni lovundikira maola atatu kuti ikhe madzi. Konzani nsanja yotalika masentimita 60 pamwamba pa moto, nkhuni zikhale zouma za mtengo wolimba ngati tsanya kapena mango. Paini ndi bulugamu zimapatsa nyama fungo loipa, ndipo matabwa opaka penti kapena mapolo othira mankhwala ndi oopsa. Maola awiri oyamba moto ukhale wotentha ndithu kuti nyama ipse mpaka m'kati. Mukatero chepetsani, pakhale utsi ndi kutentha pang'ono kwa tsiku lonse kapena awiri, mukutembenuza. Lawi likakhudza nyama, kunja kumachita chikhungwa chakuda chimene chimatsekera madzi m'kati, ndipo pakatha masiku atatu mupeza mphutsi pafupi ndi fupa. Yowambika bwino imakhala yofiirira moderako, yolimba, ndipo mukaithyola pakati sipaoneka chinyezi.

Sungani m'dengu lopachika pamwamba pa moto wa kukhitchini, osati m'jumbo, chifukwa pulasitiki imachititsa thukuta n'kubweretsa chuku. Pakapita masiku atatu alionse muziibwezera pa utsi ola limodzi. Kuchigwa kwanuko, ndi kutentha kwake, musaisunge kupitirira masabata awiri kapena atatu. Pophika iviikeni m'madzi ofunda ola limodzi, tayani madziwo kuti mchere uchepe, ndipo yotendera ndi nsinjiro ndiyo imakhala bwino koposa.

Zofewetsa, papaya ndiye mnzanu. Tikitani masamba ake mpaka atuluke utomoni, kulungani nyama yaiwisi ola limodzi kapena awiri. Kapena palani papaya wamuwisi, masipuni awiri pa theka la kilogalamu, kwa mphindi 30 mpaka ola. Mukapitirira apo nyama imaphwetekera kunja ngati phala. Soda ndi chidulo zimafewetsadi, koma kansonga ka sipuni yaing'ono n'kokwanira mphika wonse. Zikachuluka nyama imaterera ndipo msuzi umamveka sopo.

Nguluwe imaphikidwa ngati nkhumba yoweta? — Wowerenga wa ku Nkhata Bay

Kaphikidwe n'kofanana, kungoti ilibe mafuta ambiri ndipo imafuna maola awiri kapena atatu. Chachikulu n'choti ipse mpaka pafupa, pasatsale pofiira ngakhale pang'ono. Amene ali ndi choyezera kutentha aonetsetse kuti m'kati mwafika madigiri 71. Nguluwe imadya chilichonse, ngakhale zofa, ndipo mumnofu mwake mutha kukhala tinyongolotsi tosaoneka ndi maso timene sitifa ndi utsi, mchere kapena dzuwa. Choncho yowamba nayonso iphikidwe musanadye, osangoitafuna. Mukaona timatuza toyera ngati njere za mpunga pa lilime, pamtima kapena m'ntchafu, nyama yonseyo ndi yotaya.

Ngati mumaweta nkhumba, nyama imeneyi isafike pakhomo panu. Nguluwe ndi njiri zimanyamula chigodola cha nkhumba popanda kudwala. Munthu sichimugwira, koma madzi otsukira nyama kapena makombo ake akafika m'khola, nkhumba zonse zitha kutha m'masiku ochepa, ndipo matendawa alibe mankhwala. Dziwaninso kuti nguluwe, gwape ndi mbawala sizili ngati mbewa pamaso pa lamulo. Kuzisaka kumafuna chilolezo cha dipatimenti yoona za nyama zakutchire, choncho zikamakuonongerani mbewu kauzeni iwo.

Kumudzi kwathu kunafika nyama yowamba yotchipa, ogulitsa akuti ndi ya mvuu imene anaipeza itafa m'mbali mwa mtsinje. Poti ndi yowamba kale, pali vuto? — Mayi wa ku Ulongwe

Vuto lilipo, mayi, ndipo ndi lalikulu kuposa onse amene tayankha lero. Musagule, musaigwire, ndipo uzani anansi anu.

Nyama yaikulu yathanzi siingofa yokha. Mvuu, njati kapena ng'ombe ikafa mwadzidzidzi nyengo yachilimwe, choyamba kuganizira ndi matenda a anthrax. Chakumapeto kwa 2018 matendawa anapha mvuu zambiri mumtsinje wa Shire ku Liwonde, pafupi ndi kwanuko. Ku Zambia mu 2011, m'boma la Chama, anthu oposa 500 anadwala atagwira ndi kudya nyama ya mvuu zofa mumtsinje wa Luangwa, ndipo ena anamwalira. Nyama yofa ndi anthrax imatupa msanga, siiuma ziwalo monga zimachitira zina, ndipo imatuluka magazi akuda osaundana m'mphuno, m'kamwa ndi kumbuyo. Ikatumbulidwa, tizilombo toyambitsa matendawa tikakumana ndi mpweya timadzikuta m'chikhungwa cholimba chimene chimapirira dzuwa, mchere ndi utsi, ndipo timakhala m'dothi zaka makumi. N'chifukwa chake kuwamba sikuiyeretsa, ndipo kaphikidwe ka masiku onse simungakadalire. Ndiponso ambiri amadwala asanadye n'komwe: osenda, odula, onyamula pamutu, ndi mayi amene akuitsuka kukhitchini.

Pakhungu matendawa amayamba ngati kachiphuphu koyabwa padzanja, pankhope kapena pakhosi, kamasanduka chithuza, kenako chilonda chakuda pakati ngati khala, chotupa m'mbali koma chosapweteka kwenikweni. Kusapwetekako ndiko kumapusitsa anthu kuti azikhala kunyumba. Kwa amene wadya, kumabwera kutentha thupi, kupweteka kwa m'mimba, kusanza ndi kutsegula, nthawi zina za magazi, kapena kutupa khosi. Mankhwala ake alipo m'zipatala ndipo amagwira ntchito bwino munthu akafika msanga. Aliyense wa m'mudzimo amene wagwira kapena kudya nyamayo n'kuona chimodzi mwa zizindikirozi apite lero, ndipo auze adokotala mosabisa kuti ndi nyama yanji.

Palinso mbali ya lamulo. Kupezeka ndi nyama ya mvuu popanda chikalata ndi mlandu kwa wogulitsa ndi wogula yemwe, ndipo mawu oti "ndinaitola itafa" sapulumutsa munthu kukhoti. Chisinthireni lamulo la nyama zakutchire mu 2017 zilango zinakwera, moti pa nyama zotetezedwa kwambiri monga njovu, chipembere ndi ngaka munthu atha kukhala kundende mpaka zaka 30. Nyama yowamba yakuda bii, yodulidwa kale, simungadziwe kuti ndi ya chiyani, inafa bwanji, kapena inagona masiku angati mumsampha wa waya isanapezeke.

Ngati ina yalowa kale m'nyumba mwanu, musaipatse agalu kapena kuitaya kumtsinje. Valani majumbo awiri m'manja, ikulungeni, muitanitse alangizi a ziweto kapena a zaumoyo a m'dera lanu kuti aitenthe kapena kuikwirira mozama. Mpeni, beseni ndi thabwa zimene zaikhudza muziviike m'madzi a klorini wamphamvu, ndipo lichero kapena mphasa imene inayalidwapo muitenthe. Amfumu adziwitsidwe za pamene mvuuyo inafera, kuti ng'ombe ndi mbuzi zisakadye kapena kumwa pamalopo.